Mwatifunsa: N'chifukwa chiyani chithunzi china chimakhazikika m'mutu, china n'kuiwalika?

Makalata a mwezi uno achokera kwa ojambula, osema ziboliboli ndi aphunzitsi a muno mu Blantyre. Tasankhapo asanu, ndipo amene akuyankha ndi aphunzitsi a luso la zojambula pamodzi ndi amisiri a ntchitoyi.

Ndimajambula ndi penti pansalu, makamaka zithunzi za kunyanja: dzuwa likulowa, bwato, mlambe chapambali. Anthu amati "koma ndiye n'zokongola", n'kumapita. Mnzanga amene timagulitsira limodzi anajambula mayi akuthamangira minibasi, beseni la tomato litapendekeka pamutu. Mitundu yake sinakhale bwino kwenikweni, koma papita miyezi anthu akufunsabe za "mayi wa tomato uja". Ndikulakwitsa pati?
*Mnyamata wojambula, Ndirande*

Achimwene, dzanja lanu lilibe mlandu. Vuto ndi lakuti chithunzi chanu sichikumupatsa woonayo ntchito. Akaima patsogolo pa dzuwa lolowa amaona, amayamikira, basi zathera pomwepo. Akaima pa mayi wa tomato mutu umayamba kufunsa wokha: kodi minibasiyo aipeza? Kondakitala wawaona? Tomato amene ali m'mphepete mwa beseniyo agwa? Mnzanuyo wajambula kamphindi kamodzi, koma woona akuwonjezapo zimene zinachitika kumbuyo ndi zimene zichitike kutsogolo. Chimene munthu wachigwirirapo ntchito m'maganizo mwake sachiiwala msanga.

Agogo athu ankazidziwa izi. Wokamba nthano akati "Padangokhala", omvera amayankha "Tilitonse", ndipo amayankhabe mpaka nthano ithe, n'kumathandiza kuimba kanyimbo kake. Mwana amene wakhala akuvomera usiku wonse, m'mawa amatha kuikamba yekha nthanoyo. Chithunzi chabwino chimasiyanso mpata woti woona avomere.

Akatswiri a za maganizo a munthu anaziyesa zimenezi. Mu 1969, Gordon Bower ndi Michal Clark a ku yunivesite ya Stanford anapatsa ophunzira mindandanda 12 ya mawu, uliwonse wa mawu 10. Gulu lina linauzidwa kuti lingoloweza, gulu lina kuti lilumikize mawuwo n'kupanga kankhani. Atawafunsa pamapeto, a kankhani anakumbukira mawu pafupifupi 93 pa 100 alionse, oloweza aja pafupifupi 13 okha. Mu 1975 Bower yemweyo ndi anzake anaonetsa anthu timizeremizere tooneka ngati topanda tanthauzo. Amene anauzidwa kuti kachithunziko kakuimira chiyani anatha kujambulanso tambiri kuchokera m'mutu kuposa amene sanauzidwe kanthu. Mukhoza kuyesa nokha. Jambulani kozungulira, kamzere kamodzi kutsogolo kwake, kena kumbuyo. Palibe amene angasunge zimenezo. Ndiye muuzeni munthu kuti ameneyu ndi wakabaza wovala chipewa chachikulu, tikumuonera pamwamba. Mawa akakujambulirani osaphonya.

Taonaninso chiboliboli cha Samson Kambalu, Mmalawi amene ntchito yake inaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Anachitenga pa chithunzi cha 1914 cha John Chilembwe ali ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Mukangoyang'ana, ndi amuna awiri ovala masuti ndi zipewa. Koma Kambalu anamukuza Chilembwe kuposa mnzakeyo, ndipo chipewa chili pamutu pa nthawi imene munthu wakuda ankayembekezeka kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira, mu 1915, Chilembwe anatsogolera kuukira boma la atsamunda ndipo anaphedwa. Mukadziwa zimenezi, chipewa chija simungachionenso ngati chovala wamba. Nkhani yonse yakhala pa chinthu chimodzi chaching'ono.

Nyanja yanu musaitaye ayi. Dzuwa lolowalo likhalepo, koma pagombe ikanipo mwana atanyamula beseni lopanda kanthu. Mabwato atatu akocheza kale, anthu akutsitsa nsomba, koma iye sakuyang'ana kumeneko, maso ali pamadzi pomwe palibe bwato. Mitundu ndi yomweyo, luso ndi lomwelo, koma tsopano dzuwa likulowalo likutanthauza kuti nthawi ikutha.

Ndamva kuti chithunzi chizikhala ndi nkhani. Nanga nkhani imakwana bwanji pa nsalu imodzi yosayenda? Ine ndikayesa, ndimadzaza anthu ndi zinthu mpaka chithunzi chimaoneka ngati msika wa Limbe pa tsiku Loweruka.
*Mtsikana wa Fomu 4, Zingwangwa*

Chemwali, musanagwire pensulo, lembani nkhaniyo m'chiganizo chimodzi chokhala ndi munthu, chimene akufuna, ndi chimene chikumutchinga. "Moyo wa kumudzi" si nkhani, ndi mutu chabe. "Agogo akufuna kuwerenga kalata ya mwana wawo koma maso akukana" ndi nkhani. Chiganizo chikakana kutuluka, chithunzinso chidzakana.

Kenako sankhani mphindi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amathamangira pachimake: ngozi itachitika kale, chigoli chitalowa, mbale itasweka. Pachimake sipasiya funso. Bwererani pang'ono, pamene mbale ili m'mphepete mwa tebulo ndipo chigongono cha mwana chayandikira. Kapena pitirirani pang'ono, pamene mbale yasweka, mwana wagwira pakamwa, ndipo pakhomo pakuoneka chithunzithunzi cha amayi akubwera. Mphindi ziwirizi zimamukankhira woona kutsogolo kapena kumbuyo.

Mukapeza mphindi, jambulani tizithunzi tating'ono tisanu ndi kamodzi kapena tisanu ndi titatu, kalikonse kukula ngati bokosi la machesi, osapitirira mphindi ziwiri pa kamodzi. Musajambule maso kapena mphuno. Gwiritsani ntchito mitundu itatu yokha: poyera pa pepala, potuwa, ndi pakuda bii. Cholinga ndi kupeza pamene poyera kwambiri pakumane ndi pakuda kwambiri, chifukwa diso limayambira pamenepo. Malo amenewo ndi amene muikepo mtima wa nkhani, kaya ndi kalata m'manja mwa agogo, kaya ndi tomato wotsala pang'ono kugwa. Mukalakwitsa n'kuika kuwala kwambiri pa mtambo kapena pa malata a nyumba, woona adzayang'ana mtambo, nkhani n'kumudutsa.

Zida zenizeni zokambira nkhani pachithunzi ndi zitatu: manja, kumene maso akuyang'ana, ndi chinthu chimodzi. Manja amanena zambiri kuposa nkhope, ndipo ojambula ongoyamba amawabisa m'thumba kapena kumbuyo chifukwa ndi ovuta. Musawathawe. Pemphani mng'ono wanu agwire chinthucho mmene mukufunira, mujambule manja okhawo kasanu musanapite pansalu. Za maso, woona amatsatira kumene anthu a m'chithunzi akuyang'ana. Anthu atatu akayang'ana mbali imodzi, nayenso amayang'ana komweko. Mmodzi akayang'ana kwina, ameneyo ndiye amakhala mwini nkhani. Chinthu chimodzicho chikhale chodziwika kwa anthu a kuno: chiphaso cha kusikelo, mbaula yozima, nsapato za sukulu zonyamulidwa m'manja kuopa matope, chitenje chomangidwa mfundo pakona pomwe pali ndalama.

Za kudzaza kwanuko, yesani izi. Phimbani munthu kapena chinthu chilichonse ndi chala chachikulu, chimodzichimodzi. Ngati nkhani ikumvekabe chitaphimbidwa, chichotseni kapena chibwezeni kumbuyo, chikhale chotuwa, chopanda m'mphepete mwakuthwa. Anthu oonekera bwino asapitirire atatu. Msika ukhoza kukhalapo, koma ukhale ngati phokoso lakutali.

Pomaliza pake muonetseni munthu amene sakudziwa chimene mumafuna, paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mupatseni masekondi 30 okha. Nthawiyi sitinangoitchula: kafukufuku wa mu 2001 ku Metropolitan Museum, nyumba yoonetsera zojambula ku New York, anapeza kuti anthu ankaima pa chithunzi chimodzi pafupifupi masekondi 27. Tembenuzani chithunzicho, mumufunse kuti chikuchitika n'chiyani. Musamufunse ngati chili chokongola, chifukwa Mmalawi waulemu adzati inde. Akati "agogo akuwerenga nyuzi", ndiye kuti kalatayo sikuoneka ngati kalata, onjezani envulopu pamwendo. Akakuuzani nkhani yosiyana pang'ono ndi yanu koma yamoyo, musakonze kanthu.

Ndimasema ziboliboli n'kumagulitsa kwa alendo m'tauni. Tonse pamzere wathu tili ndi njovu, mvuu ndi mipando ya mafumu zofanana. Kodi nkhani ingandithandize bwanji ine wa mtengo ndi sompho?
*Bambo wosema, Chirimba*

Bambo, mlendo amene wadutsa njovu makumi awiri sangakumbukire kuti yanu inali iti, ndipo chotsala n'kungonenerera mtengo basi. Tengani nyama zomwezo muziike m'nthano zathu. Mwachitsanzo, nthano ya mmene imfa inabwerera: Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma bilimankhwe anayenda mwachidodo, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wakuti akafa afa basi. Semani nthambi imodzi yotalika masentimita 30 kapena 40. Kumayambiriro kwake ikani bilimankhwe, mwendo umodzi uli m'mwamba, akukayika poponda. Kumapeto kwake buluzi, mutu utatsika kale, mchira wokha ukuonekera pamwamba. Mpata wa pakati pawo musaudzaze ndi masamba, chifukwa mpatawo ndiwo nkhaniyo. Chenjerani ndi mwendo wokwezedwawo: ukasemedwa mopingasa mitsempha ya mtengo umathyoka m'chikwama cha mlendo. Ulondoleni motsatira mitsempha, kapena usiyeni wolumikizika ndi kamphukira ka nthambi.

Mangirirani kakhadi kolimba ndi ulusi. Mawu asapitirire 50, Chichewa mbali ina, Chingerezi mbali ina: nthanoyo m'ziganizo zitatu, dzina la mtengo, dzina lanu ndi chaka. Wogulayo akafika kwawo adzafunsidwa kuti ichi n'chiyani, ndipo akakhala ndi choyankha, chiboliboli chanu chimakhala pabalaza osati m'katoni.

Koma nkhani ikhale yoona. Mtengo wamba wopakidwa polishi wakuda wa nsapato musautche phingo. Phingo weniweni ndi wolemera moti amamira m'madzi, ndipo kunja kwa mtima wake wakudawo kumakhala koyera. Polishi amathimbirira zovala, wogula n'kuzindikira. Musanenenso kuti chinthu chosemedwa sabata yatha ndi cha makolo akale. Ndipo mtengo wauwisi umawononga nkhani iliyonse: kunja kumauma msanga kuposa m'kati, mng'alu n'kudutsa pankhope ya chiboliboli patangopita miyezi. Umitsani mitengo pamthunzi, yosagunda pansi, ndipo kumapeto kodulidwako pakani sera ya kandulo kapena penti wotsala kuti madzi azituluka pang'onopang'ono.

Mukapeza mpata, pitani ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi luso amene anakhazikitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976. Osema a kumeneko akhala akuika nthano, miyambo ndi nkhani za m'Baibulo pamtengo kwa zaka zambiri, ndipo tsiku limodzi loyang'anitsitsa mmene amalumikizira anthu angapo pa chipika chimodzi lidzakupatsani zambiri.

Pasukulu pathu tikufuna kujambula pakhoma za namondwe wa Freddy, kuti ana asaiwale komanso adziwe zochita mvula ikachuluka. Ena mwa anawa anataya abale awo. Tiyambire pati?
*Aphunzitsi a pulayimale, Chilobwe*

Aphunzitsi, yambirani kwa makolo ndi mafumu, penti abwere pambuyo. Zimene zinachitika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche, ana anuwo anaziona ndi maso. Khoma limeneli azidzadutsapo tsiku lililonse, choncho musajambulepo mitembo, nyumba zikukokoloka ndi anthu m'kati, kapena nkhope yoti wina angaizindikire kuti ndi malemu awo. Chithunzi choopsa chimakumbukika, inde, koma mwana amachithawa ndi maso, ndipo phunziro limene mumafuna silimufika.

Nkhani imene ikufunika ndi ya munthu amene akuchitapo kanthu. Gawani khoma m'zigawo zinayi, kuchokera kumanzere kupita kumanja monga ana amawerengera, ndipo mtsikana mmodzi yemweyo aoneke m'zigawo zonse atavala diresi la mtundu umodzi, tinene lachikasu, limene simuligwiritsanso ntchito pa munthu wina aliyense. Koyamba akumvera chenjezo pa wailesi, mvula ikugwa pawindo. Kachiwiri akuloza madzi a mumtsinje amene asanduka ofiira ndi mng'alu umene watseguka m'nthaka kuseri kwa nyumba. Kachitatu watsogolera agogo ndi mng'ono wake kupita kumalo otetezeka, kutali ndi njira ya madzi, mabuku ali m'jumbo. Kotsiriza akubzala mtengo m'phiri ndi anzake. Ngati akuluakulu a m'dera akufuna kuti Napolo atchulidwe, akhoza kuoneka m'mapindikidwe a madzi otsika m'phiri, osati ngati chinjoka cha mano. Dzinali anthu amalidziwa kuyambira kale, monga pa zimene zinachitika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo limawakumbutsa ana kuti zoterezi zimabwereranso.

Apatseni anawo mapepala ajambule zigawozi okha kaye. Mudzapezamo tinthu timene wamkulu sangatiganizire, monga nkhuku yonyamulidwa m'khwapa. Tengani timeneto.

Tsopano za khomalo. Ngati pulasitala ndi watsopano, dikirani masabata anayi, apo ayi mchere wa simenti umatulukira pansi pa penti n'kumutukumula. Ngati khoma linapakidwapo laimu, palani ndi bulashi ya waya mpaka dzanja lisamatuwe mukasisita, chifukwa penti wopaka pa laimu amasupuka ngati khungu la njoka. Kuti mudziwe ngati m'khoma muli chinyezi, matanipo pepala la pulasitiki ndi tepi mbali zonse zinayi, musiye usana ndi usiku. Mukapeza madontho m'kati mwake, konzani kaye denga kapena ngalande.

Tiyerekeze kuti khoma ndi lotalika mamita 6, msinkhu mamita 2.5. Jambulani chithunzi chonse pa pepala la masentimita 60 kwa 25, mulidule timabokosi ta masentimita 5. Pakhoma lembani ndi choko mabokosi a masentimita 50. Mupeza mabokosi 12 m'litali ndi 5 m'mwamba, onse 60, ndipo gulu lililonse la ana likhoza kukopera mabokosi ake. Pakani kaye penti woyambirira wa pa pulasitala (pulaimala), malita awiri kapena atatu akwana, kenako penti woyera wa panja kawiri, chitini cha malita asanu. Onetsetsani kuti pachitini palembedwa kuti ndi wa panja. Wa m'nyumba ndi wotsika mtengo koma mvula ya chaka chimodzi imamutsuka. Mitundu gulani yofiira, yachikasu, yabuluu ndi yakuda, lita imodziimodzi, zina zonse musakaniza. Masentimita 40 a m'munsi pakani mtundu wakuda kapena wa dothi ndipo musaikepo nkhope kapena mawu, chifukwa madzi odontha padenga amathovutsira matope pamenepo.

Nthawi yabwino ndi Ogasiti ndi Seputembala. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimanyowetsa khoma, penti osauma bwino. Mu Okutobala dzuwa limaumitsa penti pa bulashi musanamalize mzere, ndiye mukachedwa mpaka pamenepo gwirani ntchito m'mamawa. Ngati pali kusankha, pewani khoma loyang'ana kumadzulo, pakuti dzuwa la masana limafwifwitsa zofiira ndi zachikasu msanga, ndipo diresi la mtsikana uja ndi limene lagwira nkhani yonse.

Kodi chithunzi chilichonse chimafunika nkhani? Ine ndimakonda mizere ndi mitundu basi. Komanso ndimafuna kujambula Gule Wamkulu koma ndine wosavinidwa.
*Wowerenga, Namiwawa*

Ayi, sikuti chilichonse chikhale ndi munthu wothamangira minibasi. Mizere ndi mitundu zili ndi mphamvu yakeyake, ndipo kukakamiza nkhani pa ntchito yotere ndi ndime yaitali yomata pambali kumangoilemetsa. Koma taonani za ku Chongoni, ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, zimene amati anajambula Akafula, zambiri ndi zozungulira, mizere ndi madontho. N'zokopa maso, koma eni ake anapita ndi tanthauzo lake, ndipo mlendo akachoka zimasakanikirana m'mutu mwake. Zoyera, za Achewa, zimagwirizana ndi chinamwali ndi nyau, ndipo munthu amene anaonapo kasiyamaliro pabwalo amamuzindikira pathanthwe nthawi yomweyo. Choncho pa ntchito yanu, dzina lokha likhoza kukwanira. Mizere yotuwa ndi yabuluu yotchedwa "Chiperoni pa Ndirande" imamupatsa woona pogwira. Ikatchedwa "Nambala 7" imamusiya manja lende.

Za Gule, jambulani zimene aliyense amaona pabwalo: fumbi, ng'oma, amayi oimba, chilombo chikuvina. Za kudambwe si zanu, musazifufuze kapena kuzipeka. Dziwaninso kuti chilombo chilichonse chili kale ndi nkhani yake ndi nyimbo yake. Chadzunda ndi nkhalamba, tate wa zilombo. Simoni ndi wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Maliya ali ndi mavinidwe akeake aulemu. Mukasakaniza nkhope ya uyu ndi zovala za uyo chifukwa mitundu yagwirizana, Mchewa aliyense adzaona kuti mwajambula chinthu chimene kulibe. Pitani kukaona gule weniweni mwachilolezo cha mfumu ya mudziwo, funsani musanajambule ndi foni, ndipo pansi pa chithunzi chanu lembani dzina la chilombocho ndi dera limene munachiona.